Bambo Anapita Atakhuta

Bambo anga sanafe ndi njala. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa azakhali anga, alongo awo a bambowo, anazilengeza pamaliro khamu lonse likumva, ndipo ine sindinatsutse. Ngakhale lero sinditsutsa. Mwa anthu onse amene tinawaika m'manda a kwathu kwa Dzoole chaka chimenecho, sindikhulupirira kuti alipo wina amene anapita atadya kuposa bambo anga.

Bambo anali mkamwini. Anatsika kumapiri a ku Ntchisi, cha kwa Malomo, kudzakwatira mayi anga, ndipo anakhala pamudzi pathu zaka zoposa makumi atatu akulima fodya ndi mtedza m'munda wa eni. Sankakangana ndi munthu. Chimene ankadziwika nacho ndi kudya mochedwa. Tiyi ankamuuzira mpaka azizire, akatero n'kuyamba kudandaula kuti mayi awapatsa tiyi wozizira. Chimanga chootcha ankachidya mzere umodzi umodzi, akuchitembenuza ngati akuwerenga kalata yochokera kutali. Pa zikondwerero za kutchalitchi anzawo ankamaliza, kusamba m'manja, kutsanzika, iwo adakali pa mbamu yachitatu. Amalume anga ankati mkamwini wathuyu tsiku lachiweruzo adzapezeka akutafunabe, lipenga litalira kalekale.

Anagwa m'chigafa m'mawa wina akupachika fodya. Titawadzutsa tinapeza pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lendelende, mawu atathawa. Tinawakweza pangolo mpaka kumsewu, kenaka pagalimoto mpaka kuchipatala cha mishoni. Kumeneko anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anagonekedwa masabata awiri, wowadikirira ndili ine. Ndine mwana woyamba, komanso ndine mphunzitsi, ndiye m'banja mwathu chilichonse chokhala ndi pepala chimagwera ine.

Tsiku lotuluka, namwino wina wamfupi, wosaseka, anandiitanira pambali. Anaika zala ziwiri pakhosi pake.

"Aphunzitsi, mumvetsetse," anatero. "Pakhosipa pali njira ziwiri, ina ya chakudya, ina ya mpweya. Munthu akamameza, pali kachitseko kamene kamatseka njira ya mpweya. Kwa bambo anuwa kachitsekoko kakuchedwa kutseka. Chakudya chikasochera chimakagwera m'mapapo, chimakaolera momwemo, n'kuyambitsa chibayo. Ndiye muziwakhazika tsonga podya. Phala likhale lolimbirako, losalala, kasupuni kakang'ono, ndipo muzidikira ameze. Zamadzimadzi ngati thobwa ndi tiyi ndiye zoopsa kwambiri chifukwa zimathamanga. Ali chigonere musawapatse kanthu. Akayamba kutsokomola, lekani. Mwamva?"

Ndinamva. Ndinalembanso zonsezo m'kope langa lokonzera maphunziro, n'kudula mzere kunsi kwake ndi cholembera chofiira. Pa nkhani yolemba palibe angandidzudzule.

Masiku oyamba kunyumba zinthu zinayenda bwino. Sukulu inali pa tchuthi. Ndinkawatsamiritsa pakhoma ndi mapilo awiri ndi thumba la mtedza, n'kumawapatsa phala lothira nsinjiro ndi kasupuni ka tiyi. Mbale imodzi inkatitengera ola lathunthu. Ine ndinkatopa, koma bambo ayi. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wawo anapeza munthu wowadyetsa pa liwiro lawo, ndipo diso lawo labwino lija linkaoneka kuti likuseka.

Kenaka mbiri inamveka kuti atuluka m'chipatala, anthu n'kuyamba kubwera kudzawazonda.

Kwathu wodwala sumuzonda chimanjamanja, zimenezo aliyense amadziwa. Chimene sitinena mokweza n'chakuti wobweretsa chakudyayo sanyamuka asanaone wodwala atameza cha m'mbale yakeyo. Ukati "ikani apo, adya nthawi ina," wamutukwana. Mwina ukunena kuti satha kuphika, apo ayi ukunena kuti wathiramo kanthu. Munthu wamoyo wathanzi angathe kukana chakudya, n'kunena kuti wangodya kumene. Wodwala alibe ufulu umenewo. Akakana, ndiye kuti matenda ndi amene akukana, ndipo matenda sitiwanyengerera.

Amayi a kumphakati wathu wa kutchalitchi anabwera ndi mabakuli. Anansi anabwera ndi mafulasiki a tiyi wamkaka. Amenewa ndinkatha kuwazemba: ndinkalawitsa bambo kansonga ka supuni, n'kuthokoza kwambiri, n'kuyamba kuwafunsa za mitengo ya feteleza mpaka aiwale chimene abwerera. Ndinayamba kudziona ngati wochenjera.

Lachisanu lake kunamveka njinga yamoto pabwalo. Anatsikapo azakhali, atafungatira chigubu cha thobwa ngati khanda. Anali akulu kwa bambo ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma amphamvu ngati mtondo, ndipo mawu awo ankafika pamudzi eni ake adakali kudambo. Sanayankhe moni. Analowa m'nyumba, anayang'ana bambo, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Mlongo wanga wauma chonchi? Alamu, kodi kuno nkhokwe zinapsa?"

Mayi anga, amene anali asanagone tulo tabwino mwezi wathunthu, anangoti, "Akudya, alamu. Pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono! Munthu anakulimirani zaka zonsezi, fodya, mtedza, mpaka malata awa, lero wagwa mukum'patsa pang'onopang'ono? Ukamwini ndi ukapolo ndithu."

Nkhondo inayambira pomwepo, ndipo zida zake zinali miphika. Azakhali anaika mafuwa awo kuseri kwa nyumba, n'kumaphika paokha, kuti m'bale wawo adye za kwawo. Abale a mayi, pomva kuti akunenedwa kuti amamana mkamwini, nawonso anamanga zitenje m'chiuno. M'mawa kunkabwera phala la kuchikazi, lisanatsike kunkabwera phala la kuchimuna. Uku phala la mgaiwa, uku la mpunga. Uku tiyi, uku thobwa. Mbali iliyonse inkawerenga makapu a inzake, ndipo palibe inkafuna kutsalira. Bambo anga, munthu amene chimanga chimodzi chinkamutengera theka la tsiku, anasanduka bwalo la mpira.

Ndinayesa kamodzi. Ndikufuna zimenezi zidziwike, ngakhale sizindithandiza kanthu. Ndinatenga kope lija, ndinagwada pafupi ndi azakhali, n'kuyamba kuwerenga za njira ziwiri ndi kachitseko.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, akupukusa mutu ngati akumva ulaliki wabwino.

"Wamaliza, mwana iwe? Tawerenganso bwino pamenepo, aphunzitsi. Palembedwa kuti mayi athu atamwalira, uyu ali kamwana, anam'lera ndani? Palembedwa? Ndine. Ankakana phala chonchi, ine n'kumam'gwira mphuno, n'kumathira. Anafa? Si uyu anakula mpaka kubereka iwe wa kachitsekowe? Namwino wakoyo anayamba walerapo munthu?"

Amayi amene anali pakhonde anaseka. Wina anati mawu a akulu akoma akagonera. Ine ndinatseka kope.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa kuti ine pamudzi paja ndinali ndi dzina. Ndinali mwana waulemu. Amayi akamakalipira ana awo aakazi ankatchula ine: "Taonani mnzanu uja, sukulu anaphunzira, boma limamulipira, koma akamapereka madzi amagwada mpaka pansi." Dzina limenelo ndinalisamala kuyambira ndili wamng'ono, monga ena amasamalira mbale zadothi za m'kabati zimene sadyeramo. Ndinkalikonda. Kutsutsa azakhali pamaso pa anthu kukanaliswa tsiku limodzi, ndipo ndinadziuza kuti kapu imodzi ya thobwa singaphe munthu.

Kadyetsedwe kawo kanali kotere. Ankakhala pamphasa atatambalala, n'kugoneka mutu wa bambo pamiyendo pawo, nkhope itayang'ana kudenga. Bambo ankatseka pakamwa, n'kutembenukira kukhoma. Azakhali ankati, "Wodwala ndi mwana," n'kuwatsina mphuno ndi zala ziwiri. Munthu ukamutseka mphuno amatsegula pakamwa kuti apume, ndipo thobwa linkalowa pa nthawi yomweyo imene bambo ankakoka mpweya. Ankatsamwa, n'kutsokomola mpaka thupi lonse kugwedezeka, nkhope kuda, misozi kutsika.

"Eyaa, latsika!" ankatero amayi oonerera.

"Mwamva chifuwacho? Mphamvu zikubwerera."

"Taonani misozi. Akondwa kuona m'bale wawo."

Kwathu tili ndi luso lomasulira wodwala amene sangathe kudziyankhulira. Chilichonse chimene angachite chimatanthauza kuti tipitirize.

Patapita masiku atatu, mpweya wa bambo unayamba kumveka ngati mjigo umene watsala pang'ono kuuma, khoro khoro pakhosi. Tsiku lachinayi thupi linatentha ngati chiwaya. Ankapuma mothamanga, nthiti zikukokeka, ndipo makhololo amene ankatuluka anali ndi fungo limene sindikufuna kulikumbukira. Madokotala a pakhonde anayamba ntchito yawo. Wina anati ndi malungo. Wina anati ndi mphepo ya m'chigafa. Azakhali anadikira onse amalize, kenaka anayankhula motsitsa mawu, kutsitsa kwawo kumene kunkamveka mpaka kuchitsime.

"Chifuwa chotere ine ndimachidziwa. Uwu ndi mdulo."

Kwathu amati mkazi akayenda njira zosayenera, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadwala chifuwa, ndipo umenewo ndiwo mdulo. Mayi anga anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, maondo otupa, ndipo ulendo wawo wautali unali wa kuchigayo. Njira zosayenerazo akanaziyenda pa ngolo kapena? Koma mawu akatuluka sabwerera. Mayi analowa m'khitchini, n'kukalira chamumtima, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanatsegulenso pakamwa pa nkhani ya chakudya cha amuna awo. Azakhali anatumiza uthenga kwawo, kunabwera mizu yochiza mdulo. Mizuyo anainyika m'madzi. Mankhwala ake analinso akumwa.

Mawa lake m'mawa ndinakabwereka ngolo osapempha chilolezo kwa munthu, ndipo tinabwerera kuchipatala.

Tinapeza namwino yemwe uja. Adokotala anamvetsera pamsana pa bambo, anagogoda ndi zala, n'kunena kuti ndi chibayo, phapo lakumanja ladzaza. Atachoka, namwinoyo anandifunsa, "Munkawapatsa chiyani?"

"Phala lolimbirako, monga munanenera," ndinatero.

Namwinoyo anangoyang'ana malaya a bambo, amene kutsogolo kwake kunali kouma gwa ndi thobwa, timadontho ta chimera tili mbuu pa kolala. Kenaka anayang'ana ine. Ndakhala ndikuyang'ana ana a sukulu mwa njira imeneyo kwa zaka zambiri, koma sindinkadziwa kuti imapweteka chotero.

Anawaika diripi ndi mankhwala obaya, ndi mpweya wa m'makina. Anawalowetsanso kapaipi m'mphuno kofika m'mimba, kodyetsera phala lamadzi ndi jekeseni wamkulu wopanda singano. Pamwamba pa bedi anamata pepala lakuti pakamwa pasalowe kanthu, ngakhale madzi. Namwino anandiwerengetsa pepalalo mokweza, ngati mwana wa sitandade thu.

Ndipo bambo anayamba kuchira. Zimenezi ndi zimene zimandisowetsa mtendere mpaka lero. Akanangotsika osabwerera, ndikanati inali nthawi yawo, monga timanenera. Koma tsiku lachitatu thupi linazizira. Tsiku lachinayi khoro khoro uja anachepa, ndipo ndikuwapukuta nkhope anandigwira chala ndi dzanja lawo labwino, n'kuchigwedeza monga ankachitira ndili mwana ndikakhoza mayeso. Adokotala anati zikapitirira chonchi, sabata yamawa tiyambiranso kasupuni. Ndinatuluka panja, n'kukalira ndi chimwemwe pansi pa mtengo wa mango, pamene odikirira odwala amaphikira.

Lamulungu, Misa itatha, inakwana nthawi yoona odwala. Wodi inadzaza ndi anthu ovala bwino, onunkhira sopo. Mayi anabwera, ndi amayi anayi a kumphakati, ndi azakhali, amene anali asanaone m'bale wawo chigonekedwere. Anaima kumiyendo kwa bedi, maso ali pa kapaipi kaja.

"Ichi n'chiyani?"

"Akudyera momwemo, azakhali. Akupeza bwino."

"Kudyera m'mphuno? Mlongo wanga wasanduka njovu?" Anayandikira, n'kugwira milomo ya bambo. "Taona kuuma kwake. Pakhosi pakapanda kudutsa kanthu pamatsekeka, sudziwa? Anthu awa akufuna apite kwa Mulungu ndi pakhosi pouma, akafike akanene kuti abale ake tinalipo, tikungoyang'ana."

Anapisa dzanja m'chikwama, n'kutulutsa botolo lokulungidwa m'nsalu. Anayang'ana kuchitseko. Namwino anali kumapeto kwa wodi, atatifulatira, akusintha diripi ya munthu wina.

"Iwe, masula chitenje chakocho. Tambasula apa, wamfupi uja asaone."

Ndinayang'ana mayi. Mayi anayang'ana pansi. Akanati ayi, ndiye kuti za mdulo zija n'zoona, akufuna mwamuna afe msanga. Ndinayang'ana amayi a kumphakati. Onse anayi ankandiyang'ana mwachikondi, mmene amayang'anira mwana amene sanawakhumudwitsepo. Pepala lija linali pamwamba pa mutu wanga, ndipo m'chipinda monsemo amene ankatha kuliwerenga bwino ndinali ine.

Ndinamasula chitenje. Chinali cha kutchalitchi, chatsopano. Ndinachigwira m'makona awiri, n'kutambasula manja.

Bambo anaona botolo lija. Anatembenukira kukhoma, monga kale. Azakhali atawabweza mutu, bambo anakweza dzanja lawo labwino kuti akankhe, koma azakhali analipanikiza ndi chigongono. Pamenepo bambo anayang'ana ine. Sanayang'ane alongo awo, sanayang'ane akazi awo. Anayang'ana amene anawadyetsa ndi kasupuni, amene ankadziwa za kachitseko. Ine ndinachotsa maso, n'kuyang'ana kumene kunali namwino, chifukwa ntchito imene ndinapatsidwa inali yaulonda. Ndinaigwira bwino. Theka la botolo linalowa namwino asanatembenuke.

"Mwaona?" anatero azakhali akupukuta m'manja, bambo akubanika. "Anali ndi ludzu."

Pofika madzulo thupi linali litatenthanso. Lolemba anawasinthira mankhwala, anakweza mpweya wa m'makina, koma ankapuma ngati munthu amene akukwera phiri atasenza thumba. Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangofika pawindo, anasiya. Ndinali nditawagwira dzanja, koma sanandigwedezenso chala.

Namwino uja anachotsa kapaipi, anapinda pepala lija, n'kundipatsa buku la kuchipatala la bambo. Sanandifunse kanthu. Anangoti, "Pepani, aphunzitsi." Ndikanakonda akananditukwana.

Maliro anali aakulu. Woyankhula m'malo mwa banja anati malemu anadwala chifuwa kwa nthawi yochepa, ndipo achipatala anayesetsa koma Mwini wake anali ataitana. Chauta timamusenzetsa katundu wambiri pamaliro, ndipo sadandaula. Azakhali analira kuposa wina aliyense, ndipo kulira kwawo kunali koona, zimenezo sindingawalande. M'baleyo ankamukonda. Pakati pa kulirako ndi pamene anakweza mawu kuti anthu a kwa Dzoole amve bwino.

"Koma mlongo wanga sanafe ndi njala! Ine ndinalipo! Wapita atakhuta!"

Amayi m'nyumba ya siwa anavomereza. Kenaka azakhali anandikoka, n'kundikhazika pambali pawo, n'kuuza anthu a kwawo kuti, "Mwana uyu ndiye munthu. Sukulu sinamuwononge. Ukamuuza chinthu amamva." Anthu anandigwira chanza mmodzimmodzi. Dzina langa lija linatuluka pamaliropo likuwala kuposa kale, lopanda ndi mng'alu womwe. Ndinalinyamula kupita nalo kunyumba, ndipo kwa zaka zambiri sindinathe kumwa thobwa.

Ndinkadana nawo azakhali, ndinene mosabisa. Koma chidanicho sichinkakhazikika, chifukwa iwo ankachita zimene ankakhulupirira. Amene ankadziwa zoona n'kugwira chitenje anali wina.

Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, kuthamanga kwa magazi kuja kunakumbukira kuti kwa Malomo kunatsala munthu. Azakhali anagwa akusenda mtedza pakhonde, ndipo matenda ake anali omwe aja: pakamwa kupotoka, dzanja kufa, mawu kuthawa. Ana awo ali kutali, wina ku Lilongwe, wina ku Joni. Abale atakhala pansi kufunafuna wowasamala, sanavutike. Anakumbukira kuti kwa Dzoole kuli mwana waulemu.

Ndinapita. Ndinawapeza atagona pamphasa, atachepa, chipinda chitadzaza ndi amayi ndi mabakuli. Ndisanakhale n'komwe pansi, mayi wina wokalamba, mnzawo wa kumphakati, anali atakweza kale mutu wa azakhali pamiyendo pake, kapu ya thobwa ili m'manja.

"Kanani kanani, koma mumwa," ankatero mwachikondi. "Wodwala ndi mwana."

Azakhali anatseka pakamwa, milomo kuchita kulowa m'kati. Maso awo anali pa kapu ija, ndipo ndinaonamo chinthu chimene ndinali ndisanachionepo pankhope pawo, mantha. Dzanja lawo labwino linapapasa pamphasa mpaka linapeza mkono wanga, n'kuugwira zolimba, zikhadabo kulowa m'khungu.

Ankadziwa. Kaya anadziwa liti, kaya pamaliro pomwe paja akulengeza za kukhuta, kaya pambuyo pake ali okha m'munda, ine sindidziwa. Koma munthu amene amakhulupirira kuti thobwa limachiza sagwira mkono wa mnzake chotero.

Ndikanama ndikanati mtima wanga unadzaza chifundo. Kwa kanthawi ndithu ndinaganiza zongokhala chete, ndikhale waulemu monga anandiphunzitsira, ndione ngati nawonso ali ndi ludzu. Kenaka ndinalanda kapu ija m'manja mwa mayi wokalambayo, ndinatuluka nayo pakhonde, n'kukhuthulira pansi nkhuku zikuona. Ndinabwerera, n'kutenga chigubu chonse, n'kuchitanso chimodzimodzi.

"Aliyense atenge bakuli lake," ndinatero. "Muno simulowanso chakudya chimene sindinaphike ine. Wofuna kuzonda azonde ndi maso."

Phokoso lake linali ngati la pamsika. Anati ndine wamwano. Anati sukulu yandipengetsa. Mayi wa kapu uja analira, n'kufunsa ngati ndikumuyesa mfiti. Pofika madzulo nkhani inali itafika pa sitolo za kwa Malomo, ndipo inali itakula: mphunzitsi wa ku Dowa wabwera kudzapha azakhali ake ndi njala, kubwezera za bambo ake. Ndinatenga mpando, n'kuuika pakhomo, n'kukhalapo masabata atatu ngati galu wolusa. Dzina limene ndinalisamala zaka zoposa makumi atatu linatha pa nthawi imene thobwa limatenga kuti lilowe m'dothi. Ndinadikira kuti ndimve kupweteka, koma sindinamve kanthu. Ndinangodabwa kuti chinthu chimene ndinasinthanitsa ndi bambo anga chinali chopepuka chotero.

Tchuthi cha kusukulu chitatha ndinawatenga azakhali kupita nawo kunyumba yanga ya kusukulu, ndipo ali komweko mpaka lero. Chibayo sichinawagwirepo. Dzanja silinabwerere, koma mawu anabwerera, mwatsoka, ngakhale amatulukira mbali imodzi ya pakamwa. Amawagwiritsa ntchito pouza aliyense wobwera kudzawaona kuti ndimawamana chakudya, kuti phala langa ndi lolimba ngati la nkhumba, kuti kwawo anthu amamwa thobwa momasuka. Mlendo akangotulutsa botolo m'chikwama, amakhala chete, n'kuyamba kundifunafuna ndi maso.

Ndimawakhazika tsonga pakhoma ndi mapilo awiri. Ndimawadyetsa ndi kasupuni ka tiyi komwe kaja, ndipo mbale imodzi imatitengera ola lathunthu. Za bambo sitikambirana. Anazitchula kamodzi kokha, chaka chatha, masana ena mvula ikugwa, tili pakati pa mbale. Anameza, anapuma, n'kuyang'ana kukhoma.

"Tsiku lija kuchipatala," anatero. "Iwe unkadziwa. Ukanandiletsa."

Ndinayang'ana pakhosi pawo kuti nditsimikize kuti phala latsikadi. Kenaka ndinatapanso lina.